Blog yanu musaitseke, koma isiyeni ntchito yoitana anthu

Achemwali, mwafunsa kuti blog yanu ya zophikaphika, yomwe kale inkadzaza ndi ndemanga, masiku ano yangoti zii, ndiye mukuganiza zoitseka n'kusamukira ku Facebook ndi TikTok. Mwafunsanso kuti anthu amene amakutsatirani azidziwa bwanji mukatulutsa chatsopano. Musaitseke. Kungoti kale blog inkagwira ntchito ziwiri, yosunga zolemba ndi yoitana owerenga, ndipo yachiwiriyo siingaigwirenso.

Anthu sanasiye kuwerenga. Zimene zinatha ndi njira zomwe zinkabweza munthu pa blog kachiwiri ndi kachitatu. Mwa malo otsegulirapo ma blog, Blogger inayamba mu 1999, WordPress mu 2003, ndipo owerenga okhazikika a nthawi imeneyo ankadalira RSS, njira yomwe inkasonkhanitsa zolemba zatsopano za ma blog onse amene munthu wasankha pamalo amodzi. Pulogalamu yotchuka kwambiri yowerengera RSS inali Google Reader, ndipo inatsekedwa pa 1 Julayi 2013. Olemba ambiri anathawira ku Facebook kuti aziikako malinki, koma mu Januwale 2018 Facebook inalengeza kuti iziika patsogolo zolemba za abale ndi abwenzi kuposa za masamba. Mu Julayi 2021 FeedBurner, ntchito ya Google yomwe inkatumizira olembetsa zolemba zatsopano za blog, inasiya kutumiza maimelo, ndiye ngati blog yanu ili pa Blogger ndipo munali ndi kabokosi kaja kolembetsera imelo, dziwani kuti anthu onse amene analembetsa sanalandirenso kanthu kuyambira pamenepo, ndipo palibe anawauza chifukwa chake. Kenako kuyambira mu Meyi 2024 Google inayamba kuyankha yokha mafunso pamwamba pa tsamba la zotsatira, moti wofufuza kaphikidwe ka chigumu akhoza kuwerenga yankho pomwepo osadina linki ya aliyense.

Kuno kwathu palinso vuto lina lomwe malangizo ambiri ochokera kunja salitchula. Anthu ochuluka a pa TNM ndi Airtel amagula bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha. Mukawatumizira linki ya blog, akadina sitseguka, kapena imawadyera mayunitsi. Munthu zikamuchitikira kawiri sadinanso linki yanu ngakhale tsiku limene ali ndi bandulo ya intaneti yonse.

Musanasinthe kalikonse, onani kaye kuti vuto lili pati. Lumikizani blog yanu ku Google Search Console, pulogalamu yosonyeza mmene tsamba lanu likupezekera anthu akamafufuza pa Google, ndi yaulere, ndipo ikakhala kuti inalumikizidwa kale imasonyeza za miyezi 16 yapitayo. Muyang'ane manambala awiri: kangati tsamba lanu linaonekera pa Google, ndi kangati anthu anadina. Ngati kuonekera kuli chimodzimodzi koma kudina kwatsika, anthu akupeza yankho asanafike kwanu, ndipo kulemba zambiri za mtundu womwewo sikungathandize. Ngati zonse ziwiri zatsika mwadzidzidzi mwezi umodzi, fufuzani ngati masamba sanachotsedwe pa mndandanda wa Google, kapena ngati satifiketi ya chitetezo ya tsambalo sinathe ntchito. Kenako bwerekani foni yotchipa, muzimitse Wi-Fi, mutsegule blog yanu pa netiweki wamba. Ma blog a zakudya amalemera chifukwa cha zithunzi zotengedwa pa kamera n'kuikidwa osachepetsa, chimodzi mwina 4MB. Chepetsani chilichonse chisapitirire 200KB. Chotsaninso zotsatsa malonda zimene zimaphimba sikirini yonse.

Tsopano za kudziwitsa anthu. Kwa owerenga a kuno, WhatsApp ndiye ili patsogolo, koma ili ndi njira zinayi ndipo anthu amazisokoneza.

Channel, yomwe inafika m'mayiko ambiri mu Seputembala 2023, ndiyo yoyambira. Otsatira saona nambala yanu, saonana okhaokha, ndipo palibe amene angaponyemo malonda ake. Mavuto ake ndi atatu. Munthu akangoitsatira, belu la uthenga watsopano limakhala lozimitsa, ndiye muziwakumbutsa kuti alitsegule, apo ayi uthenga wanu uzingokhala pansi pa ma Status osaonedwa. Wotsatira watsopano amaona za masiku 30 apitawo basi, choncho kaphikidwe ka thobwa komwe munalemba chaka chatha sakakapeza. Ndipo inuyo simulandira manambala a otsatirawo. Channel ikatsekedwa, mulibe njira yowapezeranso.

Broadcast list imalola anthu 256 pa mndandanda umodzi, ndipo uthenga umafika ngati wapadera, munthu n'kukuyankhani inu nokha. Koma umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Mukatumiza, onani zizindikiro zija zochonga pambali pa uthenga: amene akhala ndi chimodzi kwa masiku angapo kawirikawiri ndiye kuti sanasunge nambala. Gulu limalola anthu 1,024, koma nambala ya aliyense imakhala poyera, ndipo akathyali amalowa m'magulu otere n'cholinga chokolola manambala. Ngati mukufuna gulu, liikeni loti ma admin okha ndiwo azitumiza, muzilitsegula tsiku limodzi pa sabata la mafunso. Status imafufutika pakatha maola 24, ndi yabwino pokumbutsa koma osati posungira kanthu.

Chimene chimatseketsa manambala a anthu ambiri ndi kuika anthu m'gulu osawapempha, kutumiza uthenga umodzi kwa anthu osawadziwa ambirimbiri, ndi kugwiritsa ntchito GB WhatsApp ndi anzake. Anthu angapo akangokunenezani, nambala yapita. Gulani SIM khadi ina ya ntchitoyi, muikepo WhatsApp Business, mutsegule chitetezo chija cha PIN ya manambala 6 n'kulumikizako imelo. SIM imeneyo muziigwiritsa ntchito mwezi uliwonse, ngakhale kuimbira kamodzi, chifukwa nambala yokhalitsa osagwira ntchito kampani imatha kuipereka kwa munthu wina.

Kalembedwe ka uthenga ndi kamene kamasiyanitsa amene zikuwayendera ndi amene akudandaula. Uthenga woti "ndalemba zatsopano, dinani apa" ndi wakufa. Ikani chinthu chathunthu mu uthengamo: chithunzi chimodzi, zofunika ndi miyezo yake, kaphikidwe m'mizere isanu kapena isanu ndi umodzi. Wa bandulo ya WhatsApp aphike osachoka pamenepo. Linki ibwere pamapeto, ndipo munene chimene akapeze kumeneko chomwe mu uthengamo mulibe, monga chifukwa chake mandasi amamwa mafuta kapena mmene angasinthire miyezo akamaphikira anthu 50 pa chinkhoswe. Ena amaopa kuti akapereka zonse palibe adzapite pa blog. Amene sakanapita sapita ndithu, koma uthenga wathunthu amautumiza kwa anzawo, ndipo umu ndi mmene otsatira atsopano amabwerera. N'chifukwa chake dzina lanu ndi linki ya Channel zizikhala pansi pa uthenga uliwonse, komanso dzina lizilembedwa pa chithunzi chenichenicho.

Kawiri kapena katatu pa sabata n'kokwanira, pa masiku odziwika. Kasanu pa tsiku anthu amazimitsa belu lija. Voice note isapitirire mphindi ziwiri, ndipo mulembe mzere umodzi wonena zimene zili mkatimo, poti munthu ali mu minibasi sangaitsegule.

Facebook, TikTok ndi Instagram muzione ngati malo okumanirana ndi anthu atsopano. Pa TikTok ndi Instagram linki yolembedwa pansi pa vidiyo sidinika, ndiye muzitchula pakamwa kumapeto kwa vidiyo dzina la Channel kapena la blog, ndipo likhale losavuta kulemba. Pa Facebook ikani nkhani yonse ndi chithunzi, linki ipite mu ndemanga yoyamba. Musadalire chiwerengero cha otsatira tsamba, chifukwa amene amaona positi iliyonse ndi kagawo chabe ka iwowo, ndipo amasankha ndi Facebook osati inu.

Imelo ambiri amainyoza, ati Amalawi sawerenga maimelo. Kwa ambiri n'zoona. Koma ogwira ntchito m'maofesi ndi abale athu a ku Johannesburg, Harare kapena ku Britain, amene amafuna kudziwa kaphikidwe ka chambo kapena nkhwani wotendera ndi zinthu zopezeka kumeneko, amawerenga, ndipo ndi amene angathe kugula kanthu kwa inu. Ubwino waukulu wa imelo ndi woti mndandanda wa ma adiresi ndi wanu. Musamatumize kuchokera pa Gmail yanu wamba poika anthu mu BCC, kabokosi kobisa ma adiresi a olandira. Akaunti yaulere ili ndi malire a 500 pa tsiku, ndipo mauthenga otere amagwera ku spam msanga. Gwiritsani ntchito makampani otumiza makalata otere. Substack, yomwe inayamba mu 2017, silipiritsa kutumiza, imangodula 10 peresenti pa ndalama za olembetsa olipira, koma malipirowo amadzera ku kampani yolandirira ndalama ya Stripe, yomwe silembetsa anthu a ku Malawi. Choncho itengeni ngati yotumizira makalata aulere. Mailchimp ilinso ndi gawo laulere, ngakhale yakhala ikuchepetsa chiwerengero cha anthu ololedwa.

Kulikonse kumene mungasankhe, mwezi uliwonse muzikopera mndandanda wa olembetsa mu fayilo ya CSV n'kuisunga malo awiri. Mwa makampani otumiza makalata, Revue inatsekedwa mu Januwale 2023, TinyLetter mu Febuluwale 2024, ndipo amene anali ndi mndandanda wawo m'manja anangosamuka n'kupitiriza. Kalata ikhale yopepuka, chifukwa Gmail imadula uthenga wopitirira 102KB, ndipo chimene chimabisika ndi cha pansi, kuphatikizapo linki yosiyira kulandira. Munthu akalephera kuipeza amangodina spam, zomwe zimaononga mbiri yanu kwa Gmail. Mu kalata yoyamba muwapemphe kuti ayankhe ngakhale liwu limodzi, zimathandiza kuti makalata otsatira asasochere. Ngati mukutumiza ndi adiresi ya domain yanu (dzina la tsamba lanu limene mumalipirira), uzani amene amakusungirani tsamba akuikireni SPF, DKIM ndi DMARC, zotsimikizira kuti kalata yachokeradi kwa inu, zomwe Gmail ndi Yahoo anazikhwimitsa mu Febuluwale 2024. Chiwerengero cha otsegula kalata musachikhulupirire kwambiri, poti kuyambira 2021 mafoni a Apple amatha kuonetsa ngati kalata yatsegulidwa pamene mwini wake sanaione. Werengani amene adina ndi amene ayankha.

Mndandanda wanuwanu mukhoza kuuyamba lero ndi Google Forms: dzina, nambala kapena imelo, boma limene akukhala, ndi bokosi lovomera kuti muziwatumizira uthenga. Bokosi limenelo musalidumphe. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, ndipo ngakhale pakanapanda lamulo, munthu amene sanavomere ndi amene amakunenezani. Manambalawo musagulitse kapena kubwereketsa kwa wamalonda aliyense.

Blog ikhale nkhokwe. Zonse zimene mwaika pa Status, Channel ndi TikTok zimakwiririka pakapita masiku ochepa, koma pa blog munthu akhoza kuzipeza patatha zaka zisanu, ndipo inu mukafunsidwa funso lomwe munayankha kale mumangotumiza linki. Simukufunikanso kulembapo katatu pa sabata. Nkhani imodzi yozama pa masabata awiri ndi yokwanira, ndipo kukonza nkhani khumi zakale zimene Search Console ikusonyeza kuti zikubweretsabe anthu kumapindula kuposa kulemba zatsopano makumi awiri. Onjezani miyezo yomveka kuno, makapu ndi masipuni pambali pa magalamu, kaphikidwe ka pa mbaula pambali pa ka mu uvuni. Pamwamba pa tsamba lililonse pakhale linki ya Channel ndi fomu ija.

Ma blog ambiri a kuno amafa chifukwa cha malipiro osati kusowa owerenga. Domain ndi malo osungira tsamba kawirikawiri zimalipiridwa m'madola, khadi la ku banki limakana chifukwa cha vuto la ndalama zakunja, tsiku limadutsa, dzina n'kugulidwa ndi ena oikapo zotsatsa juga. Lembani tsiku lothera pa kalendala, muyambe kuyesa kulipira kutatsala miyezi iwiri, ndipo mpata ukapezeka lipirani zaka ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi. Ngati ndalama palibe, adiresi yaulere ya blogspot, ya pa Blogger, ndi yabwino kuposa domain yokongola yomwe ithe chaka chamawa. Muzisunganso kope. Pa WordPress fayilo imene mumapeza ku Export imakhala ndi mawu okha, zithunzi zimakoperedwa padera, ndipo ambiri amazindikira izi tsamba litapita kale.

Za ndalama musayembekezere zambiri ku AdSense, ntchito ya Google yolipira eni masamba poikapo zotsatsa malonda. Imalipira mukafika 100 dola, ndipo Chichewa sichili pa zilankhulo zimene imalandira. Kabuku ka PDF ka maphikidwe 30, maphunziro a pa gulu lolipira, kapena maoda a makeke kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba zimayenda ngakhale ndi otsatira ochepa, bola akhale anthu amene uthenga wanu umawafikadi.

Kuti mudziwe njira imene ikugwira, onjezani mawu akuti ?utm_source=whatsapp kumapeto kwa linki yopita ku WhatsApp, ya ku Facebook muike facebook, ya mu kalata muike email. Google Analytics, pulogalamu yowerengera anthu obwera pa tsamba, idzazisiyanitsa. Dikirani miyezi itatu musanaweruze, kenako njira imene sikubweretsa munthu muisiye, nthawiyo muiike pa ziwiri zimene zikubweretsa. Owerenga akale amene anasiya ndemanga ndi ma adiresi awo pa blog musawaponye pa mndandanda mwakachetechete. Alembereni kamodzi, aliyense payekha, kuwauza kumene mukupezeka tsopano, asankhe okha kulembetsa.