Pulley ya crank ndi kamzere ka timing: yankho kwa amene akumanganso 4Y

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Chilomoni. Akumanganso injini ya 4Y ya Hilux yawo yakale. Buloko yabwerako kale kokabowola, mapisitoni ndi mabering'i atsopano ali m'manja, chatsala ndi pulley ya kutsogolo kwa crank, imene m'mabuku amaitcha harmonic balancer. Yakale labala wake wang'ambika. Ku Ndirande awaonetsa yogwirapo kale ntchito pamtengo wabwino, ku Limbe awaonetsa yatsopano yopanda dzina la kampani, ndipo wowotcherera wina wawauza kuti angobweretsa yakaleyo aiwotcherere igwirane. Akufunsa kuti atenge iti, komanso ngati kamzere ka timing, kachizindikiro kamene makaniko amatsatira potchera nthawi imene moto uzifika mu silinda, kamakhala pamalo amodzi pa pulley iliyonse ya 4Y.

Achimwene, zowotchererazo musalole, ngakhale atakuuzani kuti akuchitirani ulere. Pulley imeneyi ili ndi zigawo zitatu: chitsulo cham'kati chimene chimavala pa crank, labala pakati, ndi mkombero wolemera kunja. Labalayo sanamuikire kukongoletsa. Silinda iliyonse ikaphulitsa, crank imapotoka pang'ono ngati chovala chimene mukufinya, kenako n'kubwerera, ndipo izi zimachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi. Diso silingaone, koma chitsulo chimatopa. Mkombero wakunja uja umatsalira pang'ono m'mbuyo, labala n'kumwa kugwedezekako. Mukawotcherera, lamba azizungulirabe bwinobwino, batire izitchajabe, inu n'kumati zatheka, pamene kugwedezeka konse kukuthera pa mabering'i anu atsopanowo, pa tcheni cha timing ndi pa crank yeniyeniyo. Injini za masilinda 6 amzere umodzi, monga 1HZ ya Land Cruiser, ndi zimene zimalangidwa kwambiri chifukwa crank yake ndi yaitali, koma 4Y nayo siyosiyidwa. Mawu omwewa ndinganene pa ma pulley opepuka a aluminiyamu opanda labala amene anyamata amakonda kuitanitsa pa intaneti.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landikhalitsa pansi. Ayi, kamzereko musakakhulupirire musanakayese, kaya pulleyo ndi yakale kaya yangotuluka m'katoni. Pa ma pulley ambiri a mtundu uwu kamzere kamakhala pa mkombero wakunja, ndipo chimene chagwira mkomberowo ndi labala yekha basi. Labala akauma ndi kutentha, kapena akafewa chifukwa cha oyilo wodontha pa seal yakutsogolo, mkombero umaterera, kamzere n'kupita nawo limodzi. Tiwerengere limodzi. Tinene kuti pulley ndi yotambalala mamilimita 150. Kuzungulira kwake ndi mamilimita 471, kutanthauza kuti digiri imodzi ndi mamilimita 1.3 okha. Mkombero ukangoterera sentimita imodzi, mwasochera kale ndi madigiri pafupifupi 8. Makaniko adzawalitsa timing light, tochi yothwanima yoonera kamzereko injini ikulira, kamzere kadzaima pomwe buku lanena, aliyense n'kusangalala, koma moto ukufika pa nthawi yolakwika. Ukafulumira, injini imagogoda mukaisenzetsa katundu, ndipo mtunda wochokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre kuno ndi wokwanira kuthyola maring'i atsopano. Ukachedwa, galimoto imafooka, imatentha, ndipo petulo amangotha ngati tanki yabooka.

Palinso nkhani yoti kamzere ka pa pulley ndi manambala a pa chivundikiro cha timing amapangidwira limodzi. Mukatenga pulley kwina, chivundikiro kwina, palibe wakulonjezani kuti zigwirizana. Amene amakonza ma V8 a ku America amaidziwa bwino nkhaniyi: mu 1969 a Chevrolet anasuntha kamzere pa injini zawo za small block, moti pulley yakale pa chivundikiro chatsopano imanama ngakhale zonse zili zanyuwani.   Chokukhudzani n'chakuti 4Y inaikidwa mu Hilux, mu Hiace ndi m'ma forklift, ndiye mawu akuti "ndi ya 4Y, bwana" pa okha sakukwanira.

Ndikanakhala ine, ndikanafunafuna yatsopano ya Toyota kapena ya kampani yodziwika, pogwiritsa ntchito nambala ya chassis, ngakhale zitatanthauza kudikira wina wochokera ku Johannesburg. Poyerekeza ndi ndalama mwathira kale mu buloko ija, apa si pofunika kuumira. Yopanda dzina ya ku Limbe ija ndimaikayikira kuposa yakale yabwino, chifukwa labala wake simungamudziwe mpaka atatentha. Ngati thumba lakana ndipo mukupita ku Ndirande, nyamulani yakale yanuyo muziike pamodzi pa tebulo. Kutambalala kufanane, mizere ya malamba ikhale yochuluka mofanana ndiponso pa msinkhu umodzi, apo ayi lamba aziyenda mopendekeka n'kumadyeka. Muone mpata wa kiyi ngati sunakule. Labala mumukande ndi chikhadabo: wong'ambika, wotukumuka kapena wouma ngati pulasitiki, musiyeni. Pomaliza yendetsani chala pomwe seal imakhudza. Mukamva kangalande, seal yatsopano idzadontha posachedwa, pokhapokha mutavekapo kachitsulo kopyapyala kotchedwa Speedi-Sleeve.

Tsono mwayi wanu ndi wakuti hedi, chivindikiro cha pamwamba pa masilinda, simunamange. Pa 4Y camshaft ili m'buloko, ndiye mutha kumanga chivundikiro cha timing ndi pulley hedi ikadali pambali, n'kuyesa kamzere ndi pisitoni yeniyeniyo. Pezani chitsulo chafulati cholimba, muchibowole kuti chimangike pamwamba pa silinda yoyamba ndi mabawuti awiri, pakati pake muike bawuti ina yoloza pansi yoti iimitse pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba. Zungulitsani crank ndi sipanala pang'onopang'ono mpaka pisitoni igunde bawutiyo, mulembe pa pulley moyang'anizana ndi 0 wa pa chivundikiro. Zungulitsaninso chobwerera mpaka igundenso, mulembenso. Pakati penipeni pa zizindikiro ziwirizo ndi pamene pali TDC yoona, kutanthauza pamene pisitoni yafika pamwamba penipeni. Ena amangoyang'ana ndi maso kuti pisitoni yafika pamwamba, koma pamwamba penipeni pisitoni imakhala ngati yaima kwa madigiri angapo crank ikuyendabe, ndiye maso amakunamizani ndi madigiri omwe tikuwafunawo. Amene anamanga kale hedi angachite zomwezi kudzera pa bowo la pulagi, koma achotse kaye ma pushrod a silindayo kuti ma valve asagundane ndi choimitsiracho, ndipo batire ikhale yochotsa.

Kamzere ka fakitale kakagwera pakati pomwepo, mwapeza pulley yabwino. Kakaphonya pang'ono pa pulley yatsopano, khomani kanu ndi panchi, mupakepo penti yoyera, muzitsatira kanuko. Kakaphonya kwambiri pa yogwirapo kale ntchito, ibwezeni. Mkombero umene unatererapo kamodzi udzatereranso.

Pomanga, hamala ikhale kutali. Kumenya pulley kuti ilowe kumapweteka thrust bearing, bering'i yoletsa crank kusuntha kutsogolo ndi kumbuyo, imene mwangoika kumene. Pakani oyilo pang'ono pomwe seal igwire, muonetsetse kuti kiyi yakhala bwino, muikoke ndi bawuti kapena chida chake, kenako mumange ndi torque wrench pa mlingo wa m'buku la injiniyo. Tsiku lodzaichotsa, puller, chida chozulira pulley, igwire chitsulo cham'kati ndi mabawuti, isakole mkombero wakunja ndi zikhadabo, chifukwa ma pulley ambiri amafera pamenepo m'magalaja mwathumu.

Musanaike radiator, jambulani mzere umodzi wa penti kuchokera pa chitsulo cham'kati, kudutsa pa labala, mpaka pa mkombero. Posintha oyilo muziusuzumira ndi tochi ngati ukadali wowongoka. Ndipo injini ikadzalira koyamba, itenthe kaye, muzule kapaipi ka vacuum ka pa distributor n'kukatseka monga buku likunenera, ndiye muwalitse timing light.