Za ana a njovu ku Nairobi: musampatse munthu ndalama kuti akubukitsireni

Mayi, nditangowerenga zanuzi zoti mukufuna kupita ndi mwana wanu kukaona ana a njovu ku Nairobi, bala langa latukusikanso. Malo mukunenawo ndi a Sheldrick, bungwe losamalira ana a njovu amasiye, m'mphepete mwa Nairobi National Park, ndipo mwana wanuyo akasangalala ndithu. Koma chonde chonde, aliyense wokuuzani kuti "musavutike madamu, zonse ndikonza ndine" mumuthawe. Bukitsani nokha pa webusaiti yawo, uthenga wotsimikiza ubwere pa imelo yanu, dzina lanu mulione ndi maso anu. Alendo amalowa ola limodzi lokha patsiku, 11 koloko mpaka 12 koloko, ndipo popanda kubukitsa simulowa ngakhale mulire bwanji.

Ife anatidyera dalaivala wina amene anatitenga pabwalo la ndege. Munthu waulemu, wapakamwa pokoma, mpaka kumunyamulira mwana wanga chikwama. Anati ali ndi mlamu wake amene amagwira ntchito komweko, timupatse madola iye akalipiriratu zonse. Tsikulo anati afika 9 koloko, anatulukira 10 koloko itadutsa, akutafuna chingamu, osapepesa n'komwe. Ndiye msewu wa Langata umene uja, magalimoto atangoti ndi, ma matatu (maminibasi a kumeneko) akulowerera paliponse, ine maso pa wotchi, mwana kumbuyo akufunsa kuti kodi njovu zimaluma. Tinafika pageti nthawi itatsala pang'ono. Anayang'ana pamndandanda, dzina langa palibe. Anayang'ananso, la bambo a kunyumba palibe. Dalaivala uja anatulutsa foni n'kuyamba kukuwa m'Chiswahili uku akuyendayenda, koma foniyo ndinaiona ine, sikirini inali yakuda bii, sankayankhula ndi munthu. Ndiye kuzatulukanso kuti ndalama yolowera m'paki, imene ndi ya KWS, bungwe la boma loyang'anira nyama zakutchire, ndipo imalipiridwa payokha pa webusaiti ya boma ya eCitizen, nayonso sanalipire. Magalimoto a anzathu akungodutsa, ana awo akutibayibitsa pawindo, wanga atagwira chitseko cha galimoto akulira mpaka kusowa mpweya, akuti amayi munalonjeza. Mukudziwa zimene ananena tambwali ameneyu? Akuti tiyeni ku Giraffe Centre, nakonso kuli nyama, koma muwonjezere ya mafuta. Ya mafuta! Madzulo ake anali atandibloka kale pa WhatsApp. Kulikonse kumene ali, Mulungu amuone.

Mwamwayi tinapeza malo patatsala tsiku limodzi kuti tibwerere, ndinabukitsa ndekha pafoni, ndipo sizinatenge nthawi. Zimene tinakaona ndi zimene zimandiletsa kukuuzani kuti musapite. Anthu mumaima kuseri kwa chingwe, kenako tiana tija timatulukira kuthengo tikuthamanga pamzere, makutu ali pepeyupepeyu, aliyense kulunjika kwa womusamalira wake wovala khoti lobiriwira amene wanyamula mabotolo akuluakulu a mkaka. Ena okulirapo amagwira okha botolo ndi chitamba, kumaliza, kuliponya pansi, n'kuyamba kulanda la mnzake. Akatha amakagudubuzika m'matope ofiira. Kamodzi kanabwera kudzakanda nthiti pamiyendo ya mwana wanga, khungu lake lolimba, laubweya wobaya ngati burashi yochapira.

Wosamalira mmodzi amatenga chimkuzamawu n'kumatchula dzina la njovu iliyonse ndi kumene anaitola. Ina inagwera m'chitsime, ina amake anafa ndi chilala, ina anaipeza pambali pa mtembo wa amake ophedwa chifukwa cha minyanga. Apa ndiye misozi inandilengeza ine wamkulu. Tating'ono timamwa mkaka maola atatu alionse usana ndi usiku, timafunditsidwa bulangete kukazizira, ndipo abambo amenewa amagona nato m'khola momwemo. Amasinthanasinthana kuti kanjovu kasazolowere munthu mmodzi, chifukwa akachoka kamadwala ndi chisoni. Bungweli analiyambitsa ndi Daphne Sheldrick mu 1977 pokumbukira mwamuna wake David, amene anali mkulu woyang'anira paki ya Tsavo East, ndipo ndi mayi ameneyu, yemwe anamwalira mu 2018, amene anavutika zaka zambiri kufufuza mkaka woyenera mpaka anapeza kuti mafuta a kokonati ndiwo amathandiza, poti mkaka wa ng'ombe umawapweteka m'mimba ana a njovu. Akakula amawapititsa ku malo ena a bungweli, ku Voi, Ithumba kapena Umani Springs, kuti azolowere moyo wakutchire. Palibe zokwera njovu kumeneko, mwana wanuyo mumuuziretu.

Komabe dalaivala mupeze, ndipo akhale wodziwa bwino malowo, chifukwa geti lake lili ku Magadi Road, si geti lalikulu la paki ayi, ndipo a takisi ambiri amakakutulani kolakwika.  Basi ndalama musatulutse musanaone dzina lanu. Nyamukani m'mawa, ndipo zoyera musavale, matope aja sachoka.