Mankhwala achitchaina pa matenda a ALS: musathamangire kulipira

Achemwali, pepani kwambiri ndi matendawa. Mwanena kuti bambo anu awapeza ndi ALS, matenda a mitsempha ofooketsa ziwalo, ndipo munthu wina pa WhatsApp akukutsatsani zitsamba zochokera ku China, akuti pakatha miyezi itatu miyendo idzayambanso kugwira. Ameneyo musamupatse ngakhale tambala. Aliyense wolonjeza kuchiza ALS akunama, kaya akugulitsa zachitchaina, zachikuda kapena zachizungu.

Matendawa amapha mitsempha imene imalamula minofu kuti igwire ntchito, ndipo mtsempha woterowo ukafa sudzukanso. Ngakhale mankhwala akuchipatala a riluzole, amene anavomerezedwa ku America mu 1995, amangotalikitsa moyo ndi miyezi yochepa. Mankhwala ena a edaravone, amene anavomerezedwa pa matendawa ku Japan mu 2015, amangochedwetsako matenda mwa odwala ena. Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti ALS siyenda liwiro limodzi. Ambiri amakhala ndi moyo zaka 2 mpaka 5, koma wasayansi wotchuka Stephen Hawking anamupeza nayo mu 1963 n'kudzamwalira mu 2018. Nthawi zina matenda amakhala ngati aima kwa miyezi ingapo, ndiye ngati wodwala anali atangoyamba zitsamba, wogulitsa amajambula vidiyo n'kumati ndi ntchito yake.

Sindikunyoza asing'anga a ku China ayi. Kufooka kwa ziwalo amakutcha wei zheng, ndipo kunalembedwa kale m'buku lawo lakale la Huangdi Neijing. Iwo amati gwero lake ndi kuchepa mphamvu kwa kapamba ndi chifu, n'chifukwa chake amakonda msakanizo wa Buzhong Yiqi Tang, umene sing'anga Li Dongyuan anaukonza m'zaka za m'ma 1200, wokhala ndi muzu wa huangqi. Kafukufuku wa zimenezi alipo ndithu ku China, koma wambiri ndi wa anthu ochepa, wa nthawi yaifupi, ndipo palibe amene watsimikizira kuti zitsambazi zimaimitsa matenda. Taganizirani za Cai Lei, yemwe anali wachiwiri kwa mkulu wa kampani ya ku China ya JD.com. Anamupeza ndi ALS mu 2019, ndalama anali nazo, asing'anga odziwika ali m'dziko lake lomwelo, koma chuma chake wachithira pa kafukufuku wofuna mankhwala atsopano. Akanakhalapo ochiza, bwenzi iye atachira kalekale.

Chimene chimandiopsa ine ndi mapaketi opanda dzina. Misakanizo ina ya kufooka kwa ziwalo imakhala ndi njere za maqianzi, zimene zili ndi poizoni wa strychnine. Mlingo ukangopitirira pang'ono munthu amagwidwa khunyu n'kulephera kupuma. Chitsamba cha he shou wu chimadziwika kuti chimawononga chiwindi, pamene riluzole nayenso amafuna kuti chiwindi chiziyezedwa pafupipafupi. Ku Belgium, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi ambiri anawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi momwe munalowa chitsamba cha Aristolochia fangchi m'malo mwa china.

Palinso nkhani ya kumeza. Zitsambazi amaziwiritsa n'kumwa madzi ake, owawa, kapu yodzaza kawiri pa tsiku. Muwayang'ane bambo akamamwa tiyi. Ngati akutsokomola, misozi ikulengeza, kapena mawu akumveka ngati muli madzi pakhosi, ndiye kuti zamadzimadzi zikulowera njira ya mpweya, ndipo mapeto ake ndi chibayo. Munthu wotereyu amafunika zakumwa zolimbitsidwa ngati phala, osati makapu a zitsamba.

Ngati bambo iwo eni akufunitsitsa kuyesa, musawakanize mwaukali, thupi ndi lawo. Njira yobaya timasingano, acupuncture, ndi imene ndingavomereze msanga, chifukwa ena imawachepetsera ululu ndi kukokana kwa minofu. Wobayayo akhale wovomerezeka ndi boma, ndipo masingano atsegule atsopano inu mukuona. Zakumwa zilizonse, wogulitsayo akulembereni mayina a zitsamba zonse ndi mlingo wake, pepalalo mukaonetse dokotala wa mitsempha bambo asanamwe. Wokana kulemba, ameneyo mtayeni. Ndipo riluzole asasiye chifukwa cha zitsamba.

Ndalama zimene mukanatumiza ku China sungani, zifunika posachedwa. Makina othandiza kupuma usiku, aja a BiPAP, ndiwo aonetsa pa kafukufuku kuti amatalikitsa moyo, komanso munthu amagona bwino n'kudzuka mutu usakupweteka. Bambo asaonde, chifukwa kutsika sikelo kumafulumizitsa matendawa; onjezerani nsinjiro, mapeyala ndi mazira m'zakudya zofewa. Kachubu kodyetsera kolowa pamimba kamaikidwa bwino mapapo akadali ndi mphamvu, choncho pa ulendo wotsatira wa kuchipatala mupemphe kuti awayeze kapumidwe, ndipo mufunsiretu nthawi yoyenera kuika kachubuko.