Tifunseni: Makalata a ojambula a ku Britain ndi amalonda a zithunzi zawo

FUNSO: Akulu, ine ndimajambula zithunzi ndi penti n'kumapikulitsa kwa mavenda amene amakagulitsa kwa alendo kunyanja. Mnzanga wandiuza kuti ku Britain akusunga mpaka lero makalata amene ojambula a zaka za m'ma 1800 ankalemberana ndi owagula zithunzi, ndipo anthu ophunzira amachita kukwera ndege kukawawerenga. Muli chiyani m'makalata onenerera mtengo choti munthu n'kutayirapo nthawi? Ndine wojambula wa ku Salima.

YANKHO: Achimwene, muli zimene chithunzi chili pakhoma sichingakuuzeni: anachiitanitsa ndani, analipira zingati, anamaliza liti kulipirako, anakangana pa chiyani. Koma chimene chimandikoka ine n'chakuti makalatawo amaonetsa kuti wogulayo anagula chiyani kwenikweni, chifukwa masiku amenewo chithunzi chimodzi chinkadyedwa pawiri, mwinanso patatu.

Tengani William Powell Frith. M'chaka cha 1858 anamaliza chithunzi cha khamu la anthu pa mpikisano wa akavalo ku Epsom, chotchedwa The Derby Day. Chinsalu chenichenicho anagula Jacob Bell, mkulu wa malonda a mankhwala, pa mapaundi 1,500. Kenaka kunabwera Ernest Gambart, munthu wa ku Belgium amene ankachita malonda a zithunzi ku London, n'kulipira mapaundi enanso 1,500 chithunzicho osachitenga kukhala chake. Iye anagula ufulu wochikopera ndi wochionetsa kwa anthu. Atachipachika ku Royal Academy, bungwe la akatswiri ojambula ku London, anthu anaunjikana mpaka anachita kuika chotchinga kutsogolo kwake kuti asachikhudze, ndiye mukhoza kuona kuti Gambart sanali wopusa.

Ndalama zake ankazibweza motere. Ankachita lendi chipinda, kuikamo chithunzi chimodzi chokha, pakhomo munthu alipire sheleni imodzi. Anthu a ku London akachiona n'kukhuta, chithunzi chija chinkanyamuka ulendo wa m'mizinda ina. Pamene anthu akutuluka ankapeza buku lolembetsa maina a ofuna kope. Uku mmisiri wina akuzokota chithunzi chomwecho pa mbale yachitsulo, mzere ndi mzere, ntchito yotenga zaka, kuti akatha asindikize makope ambirimbiri a inki yakuda. Makope oyamba kutuluka, chitsulo chisanaperepeseke, ankadula kwambiri. Otsatira ankatsika mtengo mpaka kalaliki wa muofesi ankatha kugula lake n'kukapachika pabalaza.

Amene anamvetsa bwino masamu amenewa ndi William Holman Hunt. Ambiri a inu ntchito yake mumaidziwa ngakhale dzina lake simulidziwa: chithunzi chija cha Yesu atanyamula nyali akugogoda pachitseko chomera zitsamba, The Light of the World, n'chake, ndipo chinafala chonchi chifukwa cha makope amene Gambart yemweyo anasindikiza. Tsono m'chaka cha 1860 Hunt anamaliza chithunzi china, cha Yesu ali mnyamata atapezeka m'kachisi, chimene anachiyambira ku Jerusalem mu 1854. Zaka zonsezo chithunzichi osachigulitsa. Pofuna kudziwa mtengo woyenera anakafunsa nzeru kwa Charles Dickens, wolemba mabuku wotchuka, amene ankadziwa bwino kulimbana ndi osindikiza mabuku, ndipo Dickens anamulangiza kuti mtengo asatsitse koma alole kulipidwa m'zigawo. Gambart anavomera mapaundi 5,500, chithunzi pamodzi ndi ufulu wake. Nthawi imeneyo munthu waganyu wa kumunda ku England sankafika n'komwe paundi imodzi pa sabata, ndiye werengani nokha: zaka zoposa 100 akulima osapuma. Komanso werengani mbali ya Gambart. Paundi inali masheleni 20. Kuti ndalamayo ibwere ndi zapakhomo zokha pankafunika anthu 110,000. Mu 1873 kampani ya Thomas Agnew & Sons inapitirira pamenepo, kulipira Hunt mapaundi 10,500 pa The Shadow of Death, chimene lero chili ku Manchester Art Gallery.

Chifukwa china chimene mapepalawa anasungidwira ndi lamulo. Mu 1862 nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo la umwini wa zithunzi, ndipo linali ndi msampha wake. Wojambula akagulitsa chithunzi chimene anajambula mwa yekha, popanda pangano lolembedwa ndi kusainidwa lonena kuti ufulu wokopera watsala kwa iye kapena wapita kwa wogula, ufuluwo unkangofa, osakhala wa aliyense. Kakalata ka mizere isanu kankatha kukhala umboni wa chuma chambiri. Ndani angataye pepala lotero? Inuyo mavenda anu akamajambula zithunzi zanu pafoni n'kukasindikiza pa makhadi ogulitsa, nkhani yake ndi yomweyi. Gambart naye ankakokera kukhoti anthu a makamera amene ankajambula makope ake n'kumagulitsa motchipa.

FUNSO: Bambo, ndimaphunzitsa mbiri yakale kusekondale. Kodi amalonda amenewa sanali madobadoba chabe odyera masuku pamutu anthu aluso? Ndine mphunzitsi wa ku Lilongwe.

YANKHO: Mayi, mukawerenga makalata a ojambula okha mudzagamula choncho, chifukwa kudandaula ankakudziwa. Dante Gabriel Rossetti anapeka kandakatulo konyoza Gambart, kumutcha mmbulu wokalamba, n'kuchenjeza kuti ngati uli kamwana ka nkhosa umutalikire. Koma Rossetti yemweyo mu 1865 anagulitsa chithunzi chake The Blue Bower kwa mmbulu womwewo. Ndipo khalidwe lake pa ndalama silinali loti n'kuphunzitsa ana anu. Ankalandira adivansi ya chithunzi chimene sanachiyambe, n'kuidya, kenaka n'kumalemba makalata okoma kufotokoza chifukwa chimene ntchito yachedwera, kwinaku akupempha zina. Thomas Plint wa ku Leeds anali atamupatsa mazana a mapaundi pamene anamwalira mwadzidzidzi mu 1861, zithunzi zisanaperekedwe. Amene anaimirira oyang'anira chuma cha malemuyo n'kumamupanikiza Rossetti anali Gambart. Udani wina umayambira pa ngongole, mayi.

John Linnell ndiye sankaseweretsedwa ndi wamalonda aliyense. Ankafuna dipoziti asanagwire burashi, mfundo zonse zilembedwe, ndipo ndalama iliyonse yolowa ankailemba m'buku. A Royal Academy sanamusankhe kukhala membala mpaka imfa yake mu 1882, koma anafa wolemera. Makalata ake, mabuku ake a ndalama ndi zolemba zake za tsiku ndi tsiku zili ku Fitzwilliam Museum ku Cambridge.

Nkhani imene ndimaikonda ndi ya John Constable. The Hay Wain, chithunzi cha ngolo ili m'madzi chimene lero Angerezi amachiika pa makapu ndi pa mabokosi a mabisiketi, chinaonetsedwa ku Royal Academy mu 1821 koma palibe anagula. John Arrowsmith, wamalonda wa ku Paris, anapereka mtengo wa mapaundi 70. Constable anakana ngakhale ndalama ankazifuna. Izi timazidziwa chifukwa analembera bwenzi lake John Fisher, m'busa wa Anglican, kumuuza kusowa kwake mtendere pa nkhaniyi. Mu 1824 anagwirizana mapaundi 250 pa chithunzichi, china chachikulu ndi kena kakang'ono ka basera. Arrowsmith anapita nazo ku Paris, zinaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha chaka chimenecho, ndipo Constable analandira mendulo yagolide kuchokera kwa mfumu ya France, iye mwini osapondako. Chaka chotsatira awiriwa anayambana, Constable atalankhula mosasamala, malonda n'kuthera pomwepo. Tsono apa ndani anadyera mnzake? Kwanga kuona, wamalonda anaona chimene akatswiri a ku London anachiphonya, ndipo anaikapo ndalama zake. Osati kuti onse anali oyera mtima ayi. Analipo ogula motchipa kwa wojambula wanjala n'kugulitsa kangapo kuposa pamenepo mawa lake. Koma ana anu muwauze kuti kalata ndi mawu a mbali imodzi.

FUNSO: Makalatawa ali kuti, ndipo munthu ali kuno angawaone? Ndine wophunzira wa ku Zomba.

YANKHO: Mwanawe, ali balalabalala, ndipo chifukwa chake n'chosavuta: kalata imatsala kwa woilandira. Mawu a wojambula ali m'bokosi la wamalonda, yankho la wamalonda lili m'bokosi la adzukulu a wojambula, ndipo mabokosi awiriwo anagulitsidwa kosiyana. Kuti umve kukambirana konse nthawi zina umayamba ku John Rylands Library ku Manchester n'kukamalizira ku Getty Research Institute ku Los Angeles.

Pa intaneti yambira pawiri. National Gallery ya ku London inagula mu 2014 zolembedwa zakale za kampani ya Agnew, imene inayambira ku Manchester mu 1817, ndipo mabuku ake a katundu anajambulidwa n'kuikidwa poyera: dzina la chithunzi, anachigula kwa yani, tsiku, anachigulitsa kwa yani. Yunivesite ya Glasgow inaikanso makalata pafupifupi 10,000 a James McNeill Whistler, wojambula wobadwira ku America koma wogwirira ntchito ku London, munthu wokonda mikangano kotero kuti suwodzera powerenga. Zonsezi n'zaulere, bola bandulo.

Kugwira pepala lenilenilo ndi nkhani ina. M'chipinda chowerengera china ku England anandilanda chikwama ndi bolopeni pakhomo, kundisiyira pensulo, n'kundiuza ndisambe m'manja. Magolovesi amakaniza chifukwa zala zovala zimang'amba pepala. Kalata yake ndi kapepala kamodzi kopindidwa pakati, kosaposa chikhatho, adilesi pamwamba, kenaka "Lachiwiri madzulo" basi, mwezi palibe, chaka palibe. Kuyambira 1840 kalata yopepuka inkayenda dziko lonse ndi sitampa ya kobiri imodzi, ndipo ku London wamtengatenga ankafika pakhomo kangapo pa tsiku, ndiye anthu ankalemberana ngati mmene inu mumachitira pa WhatsApp: bwerani mawa mudzaone, felemu sinafike, tumizani cheke. Osunga makalatawa amapeza chaka poyang'ana chidindo cha positi pa envulopu, kapena chizindikiro cha fakitale chimene chimaoneka ukaloza pepalalo kowala, kapena mzere wakuda m'mphepete wosonyeza kuti wolembayo anali pa maliro. Mwayi umakhalapo kalaliki wa wamalonda akakhala kuti analemba kumbuyo dzina ndi tsiku limene kalatayo inafika. Makalaliki amenewo maina awo sakumbukika, koma popanda iwo theka la ntchitoyi bwenzi ili yongopeka.

FUNSO: Akulu, mwa ojambula a ku Britain a nthawi imeneyo alipo amene anafika kuno kwathu? Ndine wowerenga wa ku Tete.

YANKHO: Bambo, anakhala kwanu komweko. Thomas Baines, wobadwira ku King's Lynn mu 1820, anabwera ndi David Livingstone pa ulendo wa mu Zambezi mu 1858, atalembedwa ntchito ziwiri: kujambula ndi kusunga katundu wa ulendowo. Anajambula tauni ya Tete, mathithi a Kebrabasa pamene lero pali damu la Cahora Bassa, ndiponso sitima yawo Ma Robert; palinso chithunzi chake cha njovu ikuwomberedwa mumtsinje wa Shire kuchokera pasitimayo. Nthawi yambiri anali ku Tete, malungo akumugwetsa kawirikawiri.

Ntchito yachiwiri ija ndi imene inamupweteka. Charles Livingstone, mng'ono wake wa David, sankagwirizana naye, ndipo Baines anaimbidwa mlandu wosowetsa katundu komanso wogwiritsa ntchito nthawi ndi zipangizo za ulendowo kujambula Apwitikizi a ku Tete. Mu 1859, chaka chimene Livingstone anafika kunyanja ya Malawi, Baines anachotsedwa ntchito, nyanjayo osaiona. Anakana mlanduwo, analemba makalata kupempha kuti nkhani yake iweruzidwe poyera, koma bwalo lotero silinakhale, ndipo Livingstone sanabweze mawu ake. Olemba mbiri ambiri amene awerenga makalata a mbali zonse amaona kuti umboni wa kuba unali wofooka, ndipo ine ndili nawo limodzi.

Baines analibe Gambart wake. Zithunzi ankagulitsa yekha kwa anthu a ku Cape Town ndi matauni ena a kumwera kuti apeze ya ulendo wotsatira. Mu 1862 anafika ku Victoria Falls ndi James Chapman, ndipo zimene anajambula kumeneko zinasindikizidwa ku London mu 1865 ndi kampani ya Day & Son, koma sizinamulemeretse. Anamwalira ku Durban mu 1875 ali wosauka. Zambiri mwa zithunzi zake za mu Zambezi zili ku Royal Geographical Society ku London. Kwa inu pafupi ndi ku National Archives of Zimbabwe ku Harare, kumene akusunga zolemba zake ndi zojambula zake zina.