Yambani ndi denga, fani idikire kaye

Mayi, mwati nyumba imene anakusiyirani malemu bambo anu ku Sharpevale ndi ya njerwa zowotcha, malata ake anachita dzimbiri, ilibe siling'i, ndipo Okutobala akafika agogo ndi ana amagona pakhonde mpaka tambala woyamba chifukwa m'katimo simukhalika. Ena akukuuzani kuti mugule fani, ena akuti mukhome siling'i ya pulasitiki ya PVC, koma ndalama zilipo zochepa. Ine ndikuti fani idikire kaye. Yambani ndi denga, koma musayambe mmene ndinayambira ine.

Ndimakhala paboma la Dedza, kumene ngakhale mu Okutobala munthu umakoka bulangete m'bandakucha. Mayi anga ali ku Golomoti, ndipo nyumba yawo ndi mphwake wa yanuyo. Amene anatsikapo Khwekhwerere akudziwa: umanyamuka utavala juzi, pofika kumunsi thukuta lili kamukamu. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe chigwa cha Bwanje, kumene kuli nyumba yanuyo, chinatsika kuyandikira mulingo wa nyanja, ndipo ukatsika mamita 1,000 kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 6. Choncho malangizo a anzathu a ku Tsangano kapena ku Lizulu muziwasefa. Iwo mdani wawo ndi chisanu cha mu Juni, amatseka kabowo kalikonse. Inu a kuchigwa mukawatsanzira mupsa.

Kumapeto kwa Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, mitambo kulibe. Malata amatha kutentha kupitirira madigiri 60, makamaka adzimbiri, poti chinthu chakuda kapena chofiirira chimamwa dzuwa kuposa choyera. Kutenthako kumatsikira m'nyumba monga mmene mbaula imakuwaulira kumaso uli chapatali. Njerwa ndi simenti ya pansi zimakusunga tsiku lonse, n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku. Ndiye chifukwa chake 10 koloko usiku panja pamakhala kayaziyazi koma kuchipinda kuli ngati mu uvuni. Fani siziziritsa mpweya, imangouyendetsa. Imathandiza ndithu pouma thukuta, koma magetsi akazima mwabwerera pomwe munali.

Nayi nkhani yanga. Chaka china ndinatumiza ndalama kuti mmisiri akhome siling'i m'nyumba ya mayi anga. Anakhoma yosalala bwino, ndipo pofuna kuti mileme ndi makoswe zisalowe, anamata ndi matope mipata yonse ya pakati pa khoma ndi malata. Masana zinasinthako, sindinganame. Koma sipanathe sabata mayi anandiimbira foni kudandaula kuti ndawatsekera mu ng'anjo, usiku sakugona. Mpweya wotentha unkadzaza pakati pa malata ndi siling'i wopanda kotulukira, siling'iyo n'kufunda, n'kumawawotcha mpaka pakati pa usiku. Cholakwa chinali changa, poti sindinamuuze za mpweya ndipo ndinali ndisanaganizeko. Tinachita kuboola makoma awiri a m'mbali, pamwamba pafupi ndi nsonga ya denga, n'kuikamo njerwa zamabowo zija. Matope a m'munsi mwa malata tinagumula n'kukhomamo waya wa gozi. Mpweya wozizirirapo umalowera m'munsi, wotentha umakwera n'kutulukira pamwamba, mileme imatsala panja. Kuyambira pamenepo ndi pomwe siling'i inayamba kugwira ntchito imene ndinalipirira.

Ndiye musanagule kanthu, pezani kalipentala akwere aone denga. Ayang'ane modontha, misomali yozuka, ndi mapaso amene anadyedwa ndi chiswe. Kukhoma siling'i pansi pa denga lodontha n'kutaya ndalama, mvula yoyamba idzaisiya ndi mawanga n'kuigwetsa.

Malata akakhala kuti sanabooke, apenteni oyera. Pa zonse zimene ndinayesa, ichi ndi chimene chinabweza ndalama msanga, chifukwa dzuwa limabwerera lisanalowe n'komwe. Apalidwe dzimbiri ndi bulashi ya waya, atsukidwe, aume, apakidwe kaye penti yoteteza dzimbiri ija ya red oxide, kenako penti ya denga yoyera kawiri. Ogulitsa adzakunyengererani yobiriwira kapena yakuda ngati makala poti ndi imene ili m'fashoni m'tauni. Kanani. Nyumba zimenezo eni ake amaziziziritsa ndi makina. Wopentayo akwere m'mamawa malata asanapse, ndipo aziponda pa mzere wa misomali, malata akale sachedwa kubonyoka. Laimu pa malata musadalire, amachoka ndi mvula. Malo ake ndi pakhoma.

Ndalama zikalola, onjezani pepala lonyezimira la aluminiyamu limene m'mashopu a zomangira amati sisalation. Apa amisiri ambiri amaphonya. Pepalalo limagwira ntchito pokhapokha mbali yonyezimirayo ikayang'ana mpata wa mpweya, ngakhale wa zala ziwiri zokha. Mukalipanikiza pakati pa malata ndi thabwa lopanda mpata, lasanduka chokongoletsa. Pa nyumba yakale, imene simukufuna kusasula malata, likhomereni kunsi kwa mapaso kuchokera m'kati, mbali yowala iyang'ane pansi. Yoyang'ana kumwamba imadzaza fumbi pakapita zaka, kunyezimira n'kutha.

Za siling'i ya PVC ija: ndi yopepuka, chiswe sichidya, imatsukika. Koma ndi yopyapyala, payokha sitchinga kutentha kwambiri, ndipo moto ukabuka imasungunuka n'kutulutsa utsi woipa. Sindikuletsani, koma musaiyese mankhwala a zonse. Ngati thumba lapepuka, mphasa za bango kapena nsungwi zong'alula, zokhomedwa pa timatabwa, zimatchinga kuwaula kwa malata bwino kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo kwanuko sizisowa. Vuto lake ndi fumbi, mphemvu ndi chiswe, choncho zipakidwe mankhwala a matabwa ndipo muziziyang'ana chaka ndi chaka. Vuto lalikulu ndi moto. Mawaya a magetsi a m'nyumba yakale amakhala atang'ambika, ena olumikizidwa ndi pulasitiki ya shuga. Aitanidwe wodziwa zamagetsi awalowetse m'mapaipi musanawabise kuseri kwa chilichonse. Pamenepa pokha musachite ulesi kapena kuumira.

Padzapezeka wina wokuuzani kuti muthire mankhusu a mpunga pamwamba pa siling'i, poti kufupi ndi sikimu ya Bwanje amangotayidwa. N'zoona kuti amatchinga kutentha. Koma ine sindingayerekeze: makoswe amamangamo mudzi, ndipo denga likadontha amanyowa n'kulemera. Makatoni ndi utuchi chimodzimodzi, kuonjezapo kuyaka. Chopangidwira ntchito imeneyi ndi ubweya wagalasi uja wobwera m'mipukutu, umene umayalidwa pamwamba pa siling'i, koma ndi wodula ndipo umayabwa, woyala avale magolovesi ndi chotseka kukamwa ndi mphuno. Inu musafike kumeneko chaka chino. Ndipo palibe lamulo loti nyumba yonse ithe kamodzi. Yambani ndi chipinda cha agogo, okalamba ndi makanda ndi amene kutentha kumawafooketsa msanga. Pabalaza padzaona chaka chamawa mukagulitsa mbewu.

Denga likatha, cheukirani khoma la kumadzulo. Kuyambira cha m'ma 2 koloko mpaka dzuwa kulowa limawombedwa chamaso, ndipo ngati chipinda chogona chili mbali imeneyo, ndilo limakuphikani usiku. Lipakeni laimu, ndi wotchipa, ngakhale mudzabwereza mvula ikatha. Kenako lipatseni mthunzi. Mangani kathandala ka nsungwi patsogolo pake muyangitsepo magalagadeya kapena mphonda, kapena kakhonde ka udzu monga ankachitira makolo. Iwo nyumba zawo za zidina ndi udzu, zokhala ndi khonde kuzungulira, sizinkatentha chonchi, ife ndi amene tinathamangira malata n'kuiwala khonde. Pazenera, mphasa yopachika kunja imaposa katani ya m'kati, chifukwa dzuwa likadutsa galasi ndiye kuti lalowa kale. Mitengo dzalani mvula ikayamba: nimu amapirira kuchigwa, mango nawo ali bwino, mapapaya amakula msanga podikira enawo. Ikuluikuluyo italikire ndi mamita 5 kapena kuposa, mizu ingang'ambe maziko. Bulugamu pafupi ndi nyumba ayi.

Chotsatira sichilira ndalama zambiri. Yang'anani pamwamba pa mazenera ndi zitseko. Nyumba zambiri zakale zinamangidwa ndi timabowo ta mpweya, koma anthu anatitseka ndi nyuzipepala kapena simenti poopa udzudzu ndi fumbi. Titsekuleni, muikemo gozi. Masana, pamene kunja kukutentha kuposa m'kati, tsekani mazenera a mbali ya dzuwa. Dzuwa likalowa tsekulani onse, mbali ziwiri zoyang'anizana, kuti mphepo ilowe uku itulukire uko n'kuziziritsa njerwa. Ndikudziwa zimene mukuganiza, udzudzu wa ku Bwanje si wamasewera, ndipo kugona pakhonde kuja n'kuitana malungo. Ndiye gozi pa mazenera ndi neti pabedi zisasowe, ndipo akuba muwatchinge ndi zitsulo, osati ndi kutseka mpweya. Chipinda chikakhala ndi zenera limodzi lokha, mmisiri atha kuboola lina moyang'anizana, koma aike lintala, mtanda wochirikiza khoma, pamwamba pake, khoma lakale silichedwa kuchita ming'alu. Mbaula ikhale panja. Kupatula kutenthetsa nyumba, makala oyaka m'chipinda chotseka amapha anthu ali m'tulo.

Kwa ena amene nyumba zanu zakale zili ndi denga kapena siling'i ya asibesitosi, ija yotuwa ngati simenti: musapale ndi bulashi, musacheke, musaboole. Fumbi lake limawononga mapapo ndipo limayambitsa khansa patapita zaka zambiri. Zopala dzimbiri ndanena zija ndi za malata achitsulo okha.

Fani mudzagule pomaliza, ndipo ngati n'kotheka ya sola kapena yotchaja, kuti isamadikire ESCOM. M'nyumba ya mayi anga ilipo imodzi, amayatsa masabata ochepa a mu Novembala mvula ikamachedwa. Mayi, tandiuzani chipinda cha agogo chinayang'ana mbali iti, kutalika ndi kufupika kwake ndi mapazi angati, ndiponso ngati pakati pa khoma ndi malata pali mpata kapena anamata. Ndikuwerengerani mphasa ndi timatabwa tofunika musanapite kwa kalipentala.