Zobayitsa bulu mbewu musazithamangire achimwene

Eee achimwene mwandikumbutsa zowawa, zoti bulu wanu wamkaziyo mumubayitse mbewu ngati mmene timachitira ndi ng'ombe zamkaka poti wamphongo kulibe pafupi, musathamange, ine zinandiotcha. Wanga ndinakamugula ku Dedza, amakoka ngolo ya njerwa ndi mchenga ku Luwinga kuno. Ndiye kunatulukira mkulu wina woyenda ndi fulasiki panjinga yamoto, akuti mbewu ya bulu ali nayo yakunja, ya abulu ataliatali aja, ndalama ya fetereza ndinamupatsa yonse pompo.

Tsiku lake kunali kamvula kathu ka Mzuzu kosakata kaja, m'khola matope okhaokha, tinamumangirira pamtengo anyamata awiri atagwira mutu. Mkulu uja osamutsuka bulu kumbuyoko, golovesi anachita kuisolola m'thumba la jekete yogwiritsa kale ntchito, ndipo potsegula fulasiki sipanatuluke utsi ngakhale pang'ono, pomwe mbewu youmitsa imakhala mu naitrojeni wamadzi wozizira -196 digiri, ukatsegula pamayenera kufuka. Kachubu ka mbewuko anakaviika m'madzi a muketulo akuyesa ndi chala, zinthu zofunika madzi a 37 digiri kwa masekondi 30. Atangolowetsa chitsulo chake bulu anakuwa, anadumpha nkuponya mateche, nkumumenya mwana wa mlongo wanga pabondo mpaka kugwera m'ndowe, chingwe chinamusupula bulu pakhosi magazi chuchuchu, mkulu uja ali phee akupukuta manja paudzu akuti zatheka bwana dikirani mwana. Mwana wake uti? Sabata isanathe bulu akutuluka mafinya, kudya wasiya, ngolo yaima, makasitomala anga a njerwa anatengedwa ndi a mathiraki ine ndikugula mankhwala a bulu uku bondo la mwana uku. Kumuimbira foni akuti mwina bulu wanu ndi chumba, kenako nambala osapezekanso. Chumba!! Anthu ena alibe manyazi, ndipo akuyendabe ndi fulasiki youma yomweyo m'makola mwa anthu.

Adokotala a ziweto amene anadzamuchiza ndi amene anandimasulira kuti bulu si ng'ombe. Ng'ombe nyere yake siitha tsiku, mukaiona m'mawa madzulo mwabayitsa basi. Bulu amatha pafupifupi sabata yathunthu ali pa nyere ndipo dzira limatuluka chakumapeto, pomwe mbewu yosungunula imakhala ndi mphamvu maola ochepa chabe, ndiye popanda sikana yoonera dziralo mukungoponya mwala mumdima. Chinanso, mbewu youmitsa ya bulu imavuta kugwira mwa bulu wamkazi ngakhale ku Brazil ndi ku Spain komwe akatswiri akulimbana nazo, chiberekero chake chimatupa msanga chikailandira, imagwirako bwino mwa hatchi nkubadwa nyuru. Ndipo mbewu imene timaidziwa ya ku malo a boma a ziweto ku Mikolongwe ija ndi ya ng'ombe, ndiye wina akati ali ndi ya bulu mufunseni aonetse zolemba pakachubupo, zochokera kuti.

Ine ndinganene kuti sakani wamphongo basi, olo kubwereka mulipire transipoti. Wamkazi akakhala pa nyere mumuona akutafuna mkamwa mulibe kanthu, makutu wagonetsa kumbuyo, kukodza pafupipafupi, asiyeni limodzi masiku amenewo, akaphonya zimabweranso pakatha masabata atatu kapena kupitirira pang'ono. Bere lake ndi la miyezi 12, ena amapitirira, ndiye chakumapeto muiwaleko zomukoketsa mchenga.

Komatu sindikunena kuti kubayitsa nkoipa ayi, wamphongo wobwereka naye amabwera ndi matenda ake komanso amaluma koopsa. Mbewu yongotenga kumene kwa wamphongo, yosungidwa pa 5 digiri nkuigwiritsa ntchito pasanathe tsiku kapena awiri, imagwira bwino kuposa youmitsa. Mutapeza dokotala weniweni wokhala ndi sikana ndi fulasiki yofuka utsi yesani, inenso ndingabweretse wanga tigawane mtengo, bola ndalama alandire bere likaoneka osati patsogolo.