Tifunseni: Ndinangoti "Muona", Lero Akuti Ndine Mfiti

Funso: Madzi ataphwa, tinakangana za malire a dimba ndi anzanga oyandikana nawo, poti matope anakwirira chitsa chomwe tinkaonera. Mtima utakwera ndinati, "Muona!" Patatha sabata mwana wawo wayamba kutentha thupi, ndipo kumjigo akunong'onezana kuti ndamulodza. Nditani? — Mayi wa ku Makhanga, Nsanje

Yankho: Mayi, vuto la mawu amenewa ndi loti simunawamalize. Simunanene choti aone, ndiye eniake awamalizitsa ndi tsoka loyamba lomwe lawagwera. Kuchigwa kuno matsoka sachedwa: malungo, ng'ona padooko, mbuzi kufa. Lililonse likanagwera pamutu panu.

Musadikire kuti zizizire zokha, mlandu suwola. Uzani ankhoswe anu kapena amalume lero lomwe, mupite nawo masana anthu akuona. Usiku ayi, nokha ayi. Mukapereka moni ndi kufunsa za wodwala, nenani mwachindunji: "Tsiku lija ndinalankhula ndi mkwiyo wa dimba, sindinafunire aliyense choipa. Pepani." Musati "ngati ndinakulakwirani", chifukwa amamva ngati mukukana. Za chitsa chija musazitchule tsiku limenelo, ngakhale mukudziwa kuti inu ndiye mukulondola.

Apa ndiye ambiri amalakwitsa: amanyamula phala kapena thobwa kuti aonetse mtima wabwino. Mwana akakulirakulira matenda, thobwa lomwelo limasanduka umboni. Ngati mukufuna kuthandiza, perekani ya kabaza kudzera mwa ankhoswe kuti mwana akayezedwe magazi kuchipatala. Zotsatira za malungo zimatuluka pasanathe theka la ola. Ndipo malungo amayamba kuoneka patatha masiku 7 kapena kuposa apo udzudzu utaluma, kotero akapezeka nawo, n'kutheka kuti analumidwa musanakangane n'komwe.

Mwana akachira, nkhani ya malire ipite kwa amfumu, ndi mboni zomwe zinkalima pafupi. Madzi osefukira a 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023 anafafaniza malire ambiri m'mbali mwa Shire ndi Ruo, ndiye amfumu milandu yotere aizolowera. Akagamula, dzalani mzere wa udzu wa vetiva, osadaliranso chitsa.

Dziwaninso kuti lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti. Akayamba kukuopsezani kapena kugenda nyumba, musabweze mawu. Kauzeni amfumu ndi apolisi tsiku lomwelo.

Funso: Mnyamata wanga wa zaka 12 akataya mbuzi kubusa ndimamuti chitsiru. Tsopano sandiyankhanso, amangozyolika. Kodi ndi mwano? — Bambo wa ku Ngabu

Yankho: Si mwano, bambo, ndi mantha. Mwana woitanidwa chitsiru amaphunzira kubisa, ndipo mbuzi ikasowa masana mudzamva m'mawa, afisi kapena akuba atatha kale ntchito.

Dzudzulani chimene wachita, osati iyeyo: "Sunawerenge potuluka, n'chifukwa chake sunadziwe kuti yasowa." Muwerengere limodzi pakhomo la khola m'mawa ndi madzulo kwa sabata ziwiri. Kudzudzula kuchitike muli awiri, osati pamaso pa anzake a kubusa, chifukwa iwo dzinalo amalitola n'kumamuitanira mpaka kusukulu. Tsiku lomwe zabwera zonse, nenaninso mokweza momwe mumanenera zikasowa. Kutentha kwa mu Okutobala kuno ngakhale wamkulu amaodzera pansi pa mtengo, ndiye muonenso ngati ziwetozo sizikumuchulukira yekha.